Kanambala Kosunga Mwendo wa Wotsetsereka pa Chipale

M'mwezi wa February chaka cha 2014, pamapiri a Rosa Khutor kufupi ndi mzinda wa Sochi m'dziko la Russia, anyamata ndi atsikana adapikisana kwa nthawi yoyamba pa Olimpiki m'masewera otchedwa slopestyle. Amene adapambana kumbali ya amuna ndi Joss Christensen wa ku America, ndipo kumbali ya akazi ndi Dara Howell wa ku Canada. Anthu oonera pa wailesi yakanema adagoma ndi mmene achinyamatawo ankaulukira m'malere, kupidiguka kawiri kapena katatu, nkudzatera chafutambuyo ngati kuti palibe chachitika. Koma mwa oonera onsewo ndi owerengeka okha amene adaganizako za chipangizo chimene chidali kunsi kwa jombo za opikisanawo, kapena za kanambala kooneka pakawindo kake kakang'ono ngati chikhadabo. Chikhalirecho kanambala kameneka nthawi zambiri ndiko kamagamula ngati munthu wagwa adzuke nkudzisansa, kapena anyamulidwe pamachira.

Poti ambiri mwa owerenga sadapondepo chipale chofewa, nkoyenera kuyamba ndi kufotokoza zida zake. Kumaiko ozizira, m'nyengo yachisanu, m'malo mwa mvula kumagwa chipale chonga ufa woyera chimene chimaunjikana pamapiri. Anthu amatsetsereka pachipale chimenechi ataponda matabwa awiri opyapyala otchedwa ski, limodzi kuphazi lililonse. Kutalika kwa ski ya munthu wamkulu kumayandikana ndi msinkhu wa mwini wakeyo. Kumapazi amavala jombo zapulasitiki zolimba gwa, zofika cha pakati pa msongolo, zosalola akakolo kupindikira kumbali. Cholumikiza jombo ndi ski ndi chipangizo chimene Angerezi amachitcha binding. M'nkhani ino chitchedwa chopanira, pakuti ntchito yake ndiyo kupana jombo. Chili ndi mbali ziwiri. Yakutsogolo imagwira mphuno ya jombo, ndipo imatsegukira cham'mbali mwendo ukapotokoka. Yakumbuyo imagwira chidendene, ndipo imatsegukira m'mwamba munthu akagwa chafufumimba. M'kati mwa mbali iliyonse muli sipuling'i yolimba ndi sikuluwu yoikungira kapena kuikhwefulira. Sikuluwuyo ikamazungulira, kamzere kamayenda pakawindo kuloza nambala: 4, 6, 10, pa zopanira zina mpaka 18.

Chopanira chidapatsidwa ntchito ziwiri zotsutsana. Chiyenera kugwira jombo zolimba pamene munthu akuthamanga, akukhota kapena akutera, chifukwa ski ikachoka panthawi yotere mwini wake amagwa koopsa. Chiyeneranso kutaya jombo msanga pamene munthuyo wagwa ndipo ski yakodwa, chifukwa ikapanda kuchoka imasanduka sipanala yaitali yopotokola mwendo. Amene adapotokolapo nzimbe ndi manja kuti ithyoke akudziwa mmene imang'ambikira mozungulira. Fupa la msongolo limathyoka chimodzimodzi. Ntchito yoyamba ifuna sipuling'i yokungika, yachiwiri ifuna yokhwefuka. Nambala ija ndi malire amene munthu wasankha pakati pa ngozi ziwirizi.

Msampha wa chimbalangondo

Kale kudalibe chosankha chotere. Cha m'ma 1930 otsetsereka ankamanga jombo ku ski ndi chingwe chawaya ndi zitsulo zopana mphuno ya jombo, ndipo zidazo zinkagwira kotero kuti anthu adazipatsa dzina loti msampha wa chimbalangondo. Munthu akagwa ski sinkachoka. Chothyoka chidali mwendo. Mmodzi mwa othyokawo adali Hjalmar Hvam, mbadwa ya ku Kongsberg m'dziko la Norway, amene adakakhazikika mumzinda wa Portland ku America. M'chaka cha 1937 iye adathyoka mwendo paphiri la Hood. Nkhani imati atangotsitsimuka m'chipatala adapempha pensulo ndi pepala, najambula chitsulo chogwira mphuno ya jombo chimene chikadatha kupatuka nkutaya phazi. Pofika chaka cha 1939 adayamba kugulitsa chipangizo chakecho pa dzina loti Saf-Ski.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, amisiri a ku France ndi ku Germany adapitiriza ntchitoyi. Jean Beyl wa ku Nevers adatulutsa chopanira chotchedwa Look Nevada m'chaka cha 1950, Hannes Marker adatulutsa chake mu 1952, ndipo banja la Salomon la ku Annecy lidatsatira. Maina a Look, Marker ndi Salomon akadalembedwabe pa zopanira zambiri mpaka lero. Vuto limene lidatsala lidali la muyeso. Kampani iliyonse idali ndi kawerengedwe kakekake, ndipo wogulitsa m'sitolo ankakunga sipuling'i mongoyerekeza. M'zaka za m'ma 1970 bungwe loona za miyeso ku Germany, la Deutsches Institut für Normung, lidakhazikitsa muyeso umodzi, kuti 6 wa kampani ina afanane ndi 6 wa kampani inzake. Nchifukwa chake otsetsereka amatcha nambalayi DIN, ngakhale kuti masiku ano malamulo a kakonzedwe kake ali m'chikalata cha bungwe la dziko lonse la ISO, cha nambala 11088.

Nambalayi imayeza fupa. Siyeza luso kapena kulimba mtima. Madokotala ndi mainjiniya adafufuza kukula kwa mphamvu yopotokola imene fupa la msongolo lingapirire, nakonza kuti chopanira chizitseguka mphamvuyo isanafike pamenepo. Njira ina ya ku Germany inkayeza ndithu kukula kwa mutu wa fupalo, pansi pa bondo pomwe. Njira imene idafala ndi yoyerekeza kulimba kwa fupa poona kulemera ndi msinkhu wa munthu. Mmisiri amayang'ana patebulo la manambala limene mizere yake idatchulidwa ndi zilembo A, B, C, kumka m'munsi. Kulemera kukaloza mzere wina, msinkhu nkuloza wina, iye amatenga mzere wopereka nambala yaing'ono, pakuti munthu wamfupi wonenepa sakhala ndi mafupa a chimphona. Mwana wosakwana zaka 10 ndiponso munthu wa zaka 50 kapena kuposa amawabweza mzere umodzi, chifukwa mafupa awo sachedwa kuthyoka.

Mwachitsanzo, mnyamata wolemera makilogalamu 70, wamtali masentimita 172, wovala jombo yotalika mamilimita 305 kunsi kwake, amagwera pamzere wa K. Pamenepo tebulo limapereka 5.5. Izi zitanthauza kuti mbali yakutsogolo idzatseguka mphamvu yopotokola ikafika pa ma newton-metre 50, ndiko kuti mphamvu ya mwala wa makilogalamu 5 wopachikidwa kunsonga kwa sipanala yotalika mita imodzi. Mbali yakuchidendene imapirira zambiri, ma newton-metre 194, pakuti mwendo umalimba poupinda chakutsogolo kusiyana ndi poupotokola.

Nanga kutalika kwa jombo kukulowapo bwanji? Wophunzira aliyense wa Physical Science akukumbukira kuti mphamvu yozungulitsa chinthu imapezeka pochulukitsa mphamvu yokankha ndi mtunda wochokera pamene chinthucho chikuzungulirira. Mwendo ukamapotokoka, jombo imazungulira cha kuchidendene, mphuno yake nkumakankha mapiko a chopanira. Jombo ikakhala yaitali mtunda uja umakula, motero sipuling'i iyenera kukhwefulidwa kuti mphamvu yofika pafupa ikhale yomweyo. Mnyamata yemwe uja atavala jombo ya mamilimita 325, nambala yake imatsika kufika pa 5. Apa mpamene amagwera ambiri obwerekana zida, poganiza kuti anthu awiri olemera mofanana ayenera kukhala ndi nambala imodzi ngakhale mapazi awo ali osiyana.

Chinthu chomaliza chimene tebulo limafunsa sichiyezeka ndi sikelo kapena tepi. Munthu amapemphedwa kudziika yekha m'gulu. Gulu 1 ndi la oyenda pang'onopang'ono pamalo osatsetsereka kwambiri, gulu 2 ndi la apakati, gulu 3 ndi la othamanga pamalo otsetsereka zedi. Wa gulu 2 amamusunthira mzere umodzi kumka kumanambala aakulu, wa gulu 3 mizere iwiri. Mnyamata uja akadzitcha wa gulu 2 amalandira 6.5, akadzitcha wa gulu 3 amalandira 8, ndipo mphamvu yotsegulira imachoka pa 50 kufika pa 67. Fupa lake silidasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi kukula kwa ngozi imene iye wavomera kusenza. Tsoka lake nlakuti achinyamata amaona magulu amenewa ngati magiredi a mayeso, ndipo ndani angafune kulemba ndi dzanja lake, anzake akuona, kuti iye ndi wa gulu lotsika?

Masewera olumpha ndi kupidiguka

Tebulo limeneli lidakonzedwa poganizira munthu wotsika phiri atayang'ana kutsogolo, maski ali pansi. Masewera a freestyle ndi ena. Adakula ku America m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pakati pa achinyamata otopa ndi malamulo a mipikisano ya liwiro, ndipo bungwe la FIS, loyang'anira mipikisano ya ski padziko lonse, lidawavomereza mu 1979. Mpikisano wa moguls, wotsika pamalo odzaza ndi mitumbira ya chipale ngati munda wa mbatata, udalowa m'Olimpiki ku Albertville mu 1992, kumene Edgar Grospiron wa ku France adatenga mendulo ya golide. Wa aerials, wolumpha pachitunda nkupidiguka m'mwamba, udalowa ku Lillehammer mu 1994. Cha mu 1998 gulu la anyamata a ku Canada, mwa iwo Mike Douglas ndi JP Auclair, lidakopa kampani ya Salomon kupanga ski yopindika nsonga zonse ziwiri, yotchedwa 1080, kuti munthu azitha kunyamuka ndi kutera chafutambuyo. Kuchokera pamenepo mpamene padakula slopestyle, wodutsa pamipiringidzo yachitsulo ndi pazitunda zolumphira, ndiponso halfpipe, ngalande ya chipale yonga mgolo woung'amba pakati, ya makoma otalika pafupifupi mamita 7. Mipikisano iwiriyi idalowa m'Olimpiki mu 2014, ndipo wa big air udatsatira ku Beijing mu 2022.

Munthu wotera kuchokera m'mwamba motero amaponda chipale ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo, ngakhale kuti mphamvuyo imatha m'kamphindi. Nthawi zina amatera thupi lisanamalize kuzungulira, kotero kuti maski amakwapulidwira cham'mbali. Chopanira chilibe maso. Sichidziwa ngati uku ndi kutera kwabwino kapena ndi kugwa. Chikamva mphamvu yopitirira muyeso chimatseguka basi. Ndipo ngozi ya ski yochoka panthawi yosayenera si yopeka. Amene ski yamuthawa ali pafupi kunyamuka pachitunda amauluka chopendekeka, osatha kudziwongola, ndipo chofika pansi poyamba chingakhale mutu kapena msana. Poyerekeza ndi zimenezo, kuthyoka msongolo nkwapafupi. Nchifukwa chake akatswiri a mipikisano amakweza manambala awo kupitirira a patebulo, ndipo makampani amawapangira zopanira zofika pa 16 kapena 18. Iwowa sangadzudzulidwe. Amachita zimenezi akudziwa chimene apeza ndi chimene ataya, ndiponso ali ndi aphunzitsi, amisiri ndi madokotala pafupi. Ngakhale zili tero, masitolo ambiri amavomera kukweza motero pokhapokha mwini wake atasaina kuti wafuna yekha.

Zimene zimachitika kwa mnyamata wamba nzina. Walumpha, watera, ski yachoka, anzake amuseka. Madzulo amatenga sikuludiraiva nkuzungulitsa sikuluwu kuchoka pa 7 kufika pa 10, kutsogolo ndi kumbuyo, maski onse awiri. M'mawa mwake ski siichoka, ndipo iye amakhulupirira kuti wathetsa vuto. Wachita zimene amachita munthu amene fyuzi ya m'nyumba mwake ikungopsa, ndipo m'malo mofufuza waya wolakwika amaikapo msomali. Magetsi amayakadi usiku umenewo. Koma chimene wachotsa ndi chinthu chokhacho chimene chidaikidwa kuti chizipsa m'malo mwa nyumba.

Amisiri okonza zida zimenezi amadziwa kuti kawirikawiri vuto la ski yochoka msanga siligona panambala. Nthawi zambiri ndi chipale chomatirira kunsi kwa jombo. Munthu wayenda pansi, chipale chaumbika kuchidendene, ndipo akaponda, chopanira chimaoneka ngati chatseka pamene changogwira theka. Pena ndi kutha kwa jombo kumene. Wa freestyle amayenda wapansi kwambiri, kukwera ndi kukweranso kuti akabwereze mpiringidzo womwewo, ena nkumayendanso pakonkire ya poimika magalimoto. Mphuno ndi chidendene cha jombo zimaperepeseka mpaka milomo imene chopanira chimagwira imakhala yozungulira.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi sipuling'i yachitatu imene ilibe nambala pakawindo. Mbali yakumbuyo ya chopanira sidakhomeredwe pamalo amodzi. Imakhala pakanjanji, ndipo sipuling'i ina imaikankhira kutsogolo kuti jombo ikhale yopanikizika pakati pa mbali ziwirizo. Chifukwa chake nchakuti ski imapindika. Ikalowa m'chigwa cha pakati pa mitumbira, kapena munthu akatera mwamphamvu, ski imakhota ngati uta, ndipo mpata wa pakati pa mbali ziwiri za chopanira umachepa, pamene jombo yolimba ija siifupika. Mbali yakumbuyo imabwerera m'mbuyo pakanjanji kaja; ski ikawongoka, iyenera kuthamangira kutsogolo msanga kukapananso jombo. Ngati kukankha kumeneku kudaikidwa kochepa, pamakhala kamphindi pamene jombo ili yosagwidwa, ndipo imangopulumuka yokha. Apa munthu angakweze nambala mpaka kumapeto kwa kawindo, ski idzachokabe, chifukwa masipuling'i amene iye akukungawo sindiwo alakwa. Kumbuyo kwa chopanira kuli kachizindikiro kosonyeza ngati kukankhaku kuli bwino, ndipo kayenera kuonedwanso nthawi iliyonse pamene munthu wasintha jombo.

Pansi pa mphuno ya jombo palinso kambale koterera, ka Teflon kapena koyenda cham'mbali, kamene kamalola jombo kuterereka potuluka. Pa zopanira zina msinkhu wa mbali yakutsogolo umasinthika, ndipo mmisiri amauyesa ndi kapepala kokhuthala pafupifupi theka la milimita. Mpata ukakula jombo imagwedera. Ukachepa jombo imakanirira, kotero kuti chopanira choloza 7 chimachita ngati chili pamwamba kwambiri. Matope, mchenga ndi mchere wothira m'misewu yachisanu zimachitanso chimodzimodzi. Kudabweranso jombo za mphira kunsi zotchedwa GripWalk, zosavuta kuyendera. Zimenezi zifuna chopanira chopangidwira izo, ndipo kuzipondetsa m'chopanira chakale nkuwononga muyeso wonse.

Pali chinanso chimene nambala siinena. Zopanira ziwiri zingakhale pa 8 zonse, koma nkusiyana pamtunda umene zimalola jombo kusuntha isanatuluke. Chopanira chabwino chikamenyedwa mwadzidzidzi chimalola jombo kupatuka pang'ono kenaka nkuibweza pakati, monga nthambi yaiwisi imawerama mphepo ikawomba nkudzukanso. Chimatseguka pokhapokha mphamvuyo ikapitiriza kukankha. Kwa wa freestyle khalidwe limeneli nlofunika kuposa nambala yaikulu, pakuti zambiri zimene zimamugwera potera ndi nkhonya zazifupi zotere. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene otsika pamitumbira ndi olumpha adakondera chopanira cha Look Pivot, chimene mbali yake yakumbuyo imakhala pakambale kozungulira ndipo imalola chidendene kukwera pafupifupi mamilimita 28 chisanatuluke, ngakhale kuti kapangidwe kameneka nka m'zaka za m'ma 1960.

Tsono zonsezi zikaonedwa ndipo ski ikuchokabe, mpamene nkhani ya nambala ingayambike, ndipo funso loyamba ndi lakuti yatseguka ndi mbali iti. Chopanira chimadzinenera chokha. Munthu akatola ski nkupeza mbali yakumbuyo ili yotseguka, ndiye kuti chidatuluka ndi chidendene. Akaipeza ili chitsekere, ndiye kuti jombo idatulukira cham'mbali kumphuno. Kukweza mbali imene sidalakwe nkutaya chitetezo pachabe. Ngakhale chidendene chotuluka sichikhala mlandu wa sipuling'i nthawi zonse, pakuti wotera ataponya thupi lonse kutsogolo amadzizula yekha, ndipo woyenera kumukonza ndi mphunzitsi. Pamene kukweza kwafunikadi, kakwezedwe kake ndi theka la nambala, kenaka kuyesa masiku angapo, osati kulumpha manambala atatu usiku umodzi.

Komanso nambala ya pakawindo ndi lonjezo chabe. Sipuling'i imakalamba, mafuta amauma, dothi limalowa. Masitolo a zida zimenezi ali ndi makina opotokola jombo ili m'chopanira nkuwerenga mphamvu yeniyeni imene chatsegukira, ndipo imavomerezeka ikapanda kusiyana ndi ya patebulo ndi magawo oposa 15 pa 100. Kuyesa kotere kuyenera kuchitika nyengo yachisanu iliyonse ikamayamba.

Chodabwitsa nchakuti amene afunika kwambiri ski yochoka msanga ndi yemwe uja wongoyamba kumene. Wophunzira kutsetsereka pampiringidzo amagwa kambirimbiri patsiku, ndipo amagwa akuyenda pang'onopang'ono, nsonga ya ski itakola chitsulo, thupi likuzungulirabe. Kugwa kotere kulibe phokoso, koma ndiko kupotokola kwenikweni kumene Hvam adapangira chipangizo chake. Kulumpha kwa wophunzirayo nkwa mita imodzi kapena iwiri, kumene nambala ya patebulo imakwanira bwinobwino. Akatengera nambala ya katswiri amene wamuona pakanema, watenga ngozi ya katswiriyo popanda chifukwa chimene katswiriyo ali nacho. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma uyu walira matope okhaokha.

Bondo

Nkhaniyi ikadathera pamenepa chikhala kuti mwendo ndi msongolo wokha. Kuyambira mu 1972, Dr. Robert Johnson, Carl Ettlinger ndi Jasper Shealy adakhala akufufuza ovulala amene ankabwera kuchipatala cha paphiri la Sugarbush, m'chigawo cha Vermont ku America, kwa zaka zoposa 30. Adapeza kuti kuvulala kwa mwendo kumunsi kwa bondo kudatsika ndi magawo oposa 80 pa 100 pamene zopanira ndi jombo zinkapita patsogolo. Koma kuchokera m'zaka za m'ma 1970 kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL kudachuluka pafupifupi katatu. Mtsempha umenewu ndiwo umaletsa msongolo kuterereka kumka kutsogolo kwa fupa la ntchafu. Ukaduka nthawi zambiri sulumikizika wokha, ndipo wamasewera kawirikawiri amafunika opaleshoni ndi miyezi 6 mpaka 12 asanabwerere paphiri.

Ofufuzawa adalongosola mmene mtsemphawu umadukira. Pena munthu amagwera chakumbuyo, matako nkutsika kuposa maondo, kulemera konse nkukhala pamchira wa ski imodzi. Mchirawo umaluma chipale nkupotokola bondo lopindika, ngati phazi lachiwiri loloza kumbuyo. Pena, ndipo apa mpokhudza olumpha kwambiri, munthu amatera atatsamira kumbuyo, mwendo uli woongoka, mchira wa ski nkufika pansi poyamba. Ski imamenya chipale yonse, ndipo khoma lakumbuyo la jombo yolimba ija limakankhira msongolo kutsogolo mpaka mtsempha kuduka. Pa kugwa kwa mitundu iwiriyi chopanira wamba sichimva zambiri. Mbali yakutsogolo idapangidwa kuti imve kukankha kwa kumphuno, yakumbuyo kuti imve chidendene chikamazuka, ndipo mphamvu izi zadzera kwina. Motero amene akuganiza kuti nambala yoyenera yamutetezera mwendo wonse alakwitsa monga alakwitsira wokweza uja. Ofufuza a ku Innsbruck m'dziko la Austria adaonanso kuti pakati pa ovulala bondo, akazi ndiwo ankachuluka ponena kuti ski sidachoke, ndipo ena mwa akatswiri akhala akupempha kuti manambala a akazi atsitsidweko.

Chimene chidathandiza bondo ku Vermont chidali chiphunzitso. M'chaka cha 1995 ofufuza aja adalengeza kuti ataonetsa aphunzitsi a ski ndi opulumutsa anthu pamapiri makanema a mmene bondo limavulalira, kuvulala kwakukulu kwa bondo pakati pa ogwira ntchitowo kudatsika ndi magawo 62 pa 100. Malangizo ake adali osavuta: manja akhale kutsogolo, mapazi akhale pamodzi, wogwa asayese kudzuka akadali kutsetsereka, ndipo wolumpha atere ndi maski onse awiri maondo ali opindika.

M'mipikisano ikuluikulu, wopikisana asanaitanidwe dzina amaoneka ataima ndi mwendo umodzi, atatsamira ndodo zake, mphunzitsi kapena mmisiri atagwada pachipale akumupala kunsi kwa jombo. Akatha kupala, wopikisanayo amalowetsa mphuno ya jombo, naponda chidendene, akumvetsera kulira kwa chopanira chikamatseka. Chikapanda kumveka bwino amavula, ndipo wogwada uja amayambanso kupala.